Mipando Yonse Panja

Kwathu kukagwa maliro, mipando imatuluka m'nyumba. Amayi amayala mphasa ndi zitenje n'kukhala pansi pabalaza, abambo amatsatira mipandoyo panja, ndipo palibe amene amafunsa kuti anayambitsa ndani. Ku Malawi mwambo umenewu suvuta munthu, poti panja pali dzuwa ndi mthunzi wa mango. Koma ife a ku Leicester mwambowo tinaunyamula wonse wathunthu, n'kuiwala dzuwa lake kumudzi.

Ine ndine Sylvia. Ndimagwira ntchito yosamalira nkhalamba limodzi ndi mnzanga Vailet, ndipo nyumba zathu za khansolo zili mumsewu umodzi ku Braunstone, moti ndiwo zake zikapserera ndimamva fungo ndili kwanga. Amuna ake, a Zefaniya, anali kalipentala ku Mchesi, ku Lilongwe, asanathawire kuno. Ankapanga masofa aja a mikono yonenepa, kukhoma misomali m'mawa, madzulo mwini wake akukweza kale palole. Kuno anapeza ntchito kuweyahausi, yonyamula makatoni a mipando ija munthu umachita kumanga wekha kunyumba ndi tizitsulo, imene iwo ankaitcha mabisiketi. Msana unali utayamba kuwakana. Pofuna kumanga nsapato ankayamba akhala kaye pansi n'kupumira m'mwamba.

Ndiye anadziwana ndi mayi Morishita. Mayiwa ndi a ku Japan, aafupi, aimvi, osaseka wamba, ndipo ali ndi malo awo ku Loughborough, m'fakitale yakale ya masokosi, mmene amapanga mipando ndi manja n'kumagulitsa kwa anthu a ku London amene ndalama zinawasowetsa chochita. A Zefaniya anafikako tsiku lina kukasiya katundu, n'kupeza mayiwo akupala thabwa chokokera puleni kwa iwo eni m'malo mokankhira kutsogolo monga achitira akalipentala onse obatizidwa. Anawauza mwaulemu kuti chipangizocho achigwira mozondotsa. Mayi Morishita anangotola kansalu ka thabwa kamene kanatuluka m'pulenimo n'kuwapatsa, kopyapyala moti a Zefaniya ankaona zala zawo kuseri kwake. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse munthu ankakwera sitima ya ku Loughborough kukaphunzira ntchito imene ankati anaidziwa kale.

Miyezi yoyamba sanakhudze thabwa n'komwe. Bambo wa mwana, munthu amene masofa ake ali m'nyumba za mabwana ku Area 47, anatha chilimwe chonse akunola zitsulo pamwala wonyowa.

"Amuna anga akulipira tikiti ya sitima kukanola mipeni ya eni ake," Vailet ankandiuza tili pabasi popita kushifiti. "Yanga ya kukhitchini kuno siidula ndi tomato yemwe."

Kenako unabwera mpando. Anaupanga kwa nthawi yaitali moti tinasiya kufunsa, ndipo atafika nawo kunyumba, wokutidwa ndi bulangete ngati wodwala, tinapita kukauona. Unali wa mtengo wa oki, woyera, wa miyendo yowonda, chotsamira chopindika pang'ono, pokhalira posemedwa mwakuya pang'ono chabe. Panalibe msomali, panalibe sikuluwu, khushoni kapena vanishi. Miyendo inkangolowa m'mabowo ake mothina n'kugwirana yokha. Kunena zoona, ine nditauona ndinaganiza kuti sanaumalize. Koma nditayendetsapo dzanja ndinachita manyazi ndi zikhatho zanga, chifukwa unali wosalala ngati tsaya la khanda, pamene sandipepa sanafikepo n'kamodzi komwe.

Nkhani yake inali yakuti mayi Morishita anali atalandira oda yaikulu ya mipando ndipo ankafuna munthu mmodzi womulemba ntchito. Ophunzira anali awiri, a Zefaniya ndi Andy, wa ku yunivesite, wodziwa kujambula mipando pakompyuta. Aliyense anauzidwa kuti atenge mpando wake ukakhale kunyumba kwa masabata angapo kuti thabwa lizolowere mpweya wa m'nyumba ya anthu, ndipo ngati pali chobisika chionekere. Kenako Lolemba lina lake abwere nawo, wosapaka kanthu, mayiwo adzauone ndi kusankha munthu. Inali ntchito yamasana, ya tchuthi chake, yosanyamula makatoni. Dokotala anali atanena kale kuti msana wa a Zefaniya sutha chaka china kuweyahausi.

Vailet atamva zimenezo anasiya kuseka. Mpando umene ankaunyoza uja anayamba kuulondera ngati nkhuku yofungatira. Unaikidwa pakona pabalaza, kutali ndi windo, kutali ndi redieta yotenthetsa m'nyumba, ndipo mwana wawo Becky analetsedwa kudutsa pafupi atanyamula chakumwa chilichonse. Mlendo akauyang'ana mousirira, Vailet ankamulozera msanga pasofa. Mpandowo anali asanayambe kuukonda, ankakonda zimene udzabweretse, ndipo sankabisa.

Lachinayi, Lolemba lija litayandikira, foni inalira. Amayi awo a Zefaniya anali atatisiya ku Nambuma. Mapepala a othawa kwawo ali ndi nthabwala yake: amakulola kupita kulikonse padziko lapansi kupatula kumene kuli manda a amayi ako. Choncho maliro amene a Zefaniya akanatha kufikako anali a m'nyumba mwawo momwemo ku Braunstone.

Uthenga wa maliro sumachedwa pakati pathu. Dzuwa lisanalowe, ngati linatuluka n'komwe tsiku limenelo, anthu anali atayamba kufika, ena ali m'mayunifomu a kuntchito, ena ochokera ku Hyson Green ku Nottingham, pamodzi ndi anzathu a ku Zambia amene salephera. A Mahmood, mwini sitolo wobadwira ku Limbe, amene Chichewa chawo chimaposa cha ana athu, anatumiza tenti, mpunga ndi mipando yapulasitiki. Ndipo anafika a Lucky, tcheyamani wa bungwe lathu la Amalawi, woyendetsa basi, munthu wathupi lake, amene pamaliro amatsitsimuka ngati chimanga chaona mvula.

"Anyamata, mipando yonse panja," anatero a Lucky atangovula chipewa. "Azimayi akufuna malo."

Vailet anali atapita kukagula nkhuku. Ine ndinalipo. Ndinaona sofa ikutuluka chopendekera pakhomo lakumbuyo, tebulo, timipando ta pa tebulo, kenako bambo wina wa ku Hyson Green ananyamula mpando wa pakona uja ndi dzanja limodzi n'kunena kuti koma ndiye n'ngopepuka. Ndinayang'ana a Zefaniya. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Akanati chiyani? Nyumba ya maliro ilibe mwini wake. Mawu amodzi okha, mawa lake Leicester yense akanadziwa kuti pali munthu amene amayi ake atamwalira anayamba wadandaula za thabwa. Mpando unatuluka, ndipo panja kunali kamvula kaja ka kuno, kosagwa kwenikweni koma kosaleka.

A Lucky poyamba anakhala pasofa monga munthu wamkulu. Koma tenti inkadontha pakati penipeni, sofa inamwa madzi, ndipo atadzuka thalauzi itanyowa kumbuyo anamwazamwaza maso n'kuona mpando woyera uja. Anaukoka, anakhalapo mokayikira, kenako anatsamira n'kutulutsa mpweya wautali.

"Akuluakulu, kampando aka kali ndi nzeru," anatero. "Ineyo basi inandiononga msana, ndili pa wetingi lisiti ya fiziyo kuchipatala kuyambira chaka chatha. Koma apa palibe chikundipweteka."

Basi, kunatha. Palibenso wina amene anakhalapo. Akamapita kokadzithandiza ankasiyapo jekete lawo, akamaimirira kulengeza za chakudya ankaikapo kapu ya tiyi. Akayamba nkhani za ndale za kumudzi ankaupendeketsa chagada, thupi lonse lija pamiyendo iwiri yakumbuyo, ndipo miyendoyo inkamira m'matope a kapinga. Pofika Lachisanu masana, pokhalira panali patasanduka buluu ndi utoto wa jinzi yawo yonyowa.

Namfedwa sakhala pampando. A Zefaniya anthu anawayalira mphasa pamwamba pa pulasitiki m'mphepete mwa tenti, pafupi ndi mapazi a tcheyamani kuti opepesa asavutike kuwapeza. Ndiye kuti maso awo anali kulunjika ndendende pamiyendo ya mpandowo. Anthu ankabwera, kugwada, kuwagwira dzanja, kunena kuti zachitikazi tamva, iwo n'kumayankha kuti zikomo, maso ali pamatope. Sanalire. Lachinayi sanalire, Lachisanu sanalire, ndipo m'nyumba azimayi anayamba kunong'onezana pakati pa nyimbo. Wina anati Ulaya amaumitsa mtima. Wina anati mwina amayiwo sanali owabereka. Ife timakhululuka zambiri pamaliro, kuledzera, kuba nyama kukhitchini, ngakhale kufunsira mkazi wa mwini, koma maso ouma a mwana wa malemu timawasunga mumtima.

Vailet yekha ndi amene sankanong'ona. Ankasenda anyezi ataima pawindo la kukhitchini, ndipo a Lucky akapendeketsa mpando, mpeni unkaima.

"Sylvia, pita ukawachotsepo," anandiuza. "Ine ndikapita ndikasokoneza maliro."

Ndinatenga mpando wapulasitiki, ndinaikapo pilo wabwino, n'kukagwada nawo pamaso pawo.

"A tcheyamani, mpando mwakhalirawo ndi wouma. Khalani apa pali pilo."

"Ayi mlongo wanga, musavutike," anayankha a Lucky modzichepetsa kwambiri. "Pamaliro sitibwerera zofewa. Ine ndipirira pomwe pano."

Abambo onse anagwedeza mitu kuvomereza kuti tcheyamani wathu ndi munthu wosadzikonda. Ndinabwerera ndi pilo wanga nditapsa mtima moti ndikanatha kuwamenya naye.

Madzulo ake Vailet anadziyesera yekha. Anatenga tiyi, anakagwada pamphasa ya amuna ake n'kutsitsa mawu. Ine ndinali pambuyo pake ndi mbale ya buledi, ndiye ndinamva.

"Bambo a Becky, mpando."

"Ndauona."

"Ndiye simulankhula? Lolemba layandikira."

"Ndinene kuti chiyani? Kuti zikomo mwakansela mashifiti anu kudzalira amayi anga, koma thabwa langa lisanyowe?"

"Ingowauzani kuti ndi wa eni ake."

"Amayi a Becky," anatero a Zefaniya osamuyang'ana, "maliro a amayi anga ndi omwewa. Ena kulibe."

Vailet anadzuka. Kukhitchini anatsuka poto woyerayera kale, kenako anamutsukanso.

Loweruka m'mawa, tsiku loika maliro kumudzi, kunabwera mlendo amene sitinamuyembekeze. Mayi Morishita anali atamva chifukwa chimene wophunzira wawo sanabwerere kukalasi, ndipo anakwera sitima, kenako basi, atavala zakuda zokhazokha. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa. Titathamanga kuti tiwapezere mpando, poti mlendo wotere sangakhale pansi, anali atagwada kale pakati pathu, msana uli chilili, manja pamaondo. Abusa analalikira ulaliki wawo wonse, ndipo abusa athu akaona khamu samva njala. Ife eni ake mwambo tinkasinthasintha miyendo, ena kutsamira khoma, ena kubuula, poti maondo athu anathera m'nyumba za nkhalamba. Mayi a ku Japan aja sanasunthe n'chala chomwe. Anatichititsa manyazi m'nyumba mwathu momwe, mwaulemu kwambiri.

Ulaliki utatha anatuluka kukapepesa a Zefaniya. Ine ndi Vailet tinali pawindo. Tinawaona akuwerama, akugwada pamphasa yonyowa ija, akulankhula pang'ono. Kenako anatembenuka n'kuona mpando. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anasendera chogwada, analowetsa dzanja kunsi kwa pokhalira, a Lucky ali pomwepo atauma ngati awaloza mfuti, n'kuyamba kupapasa pamene miyendo imalowera, mwendo umodziumodzi. Atamaliza anapukusa mutu, ananena mawu ochepa kwa a Zefaniya, anaweramanso, n'kunyamuka.

"Yapita ntchito," anatero Vailet.

Zimene mayiwo ananena tinazimva zonse zitatha, koma inu ndikuuzeni pano. Mutu ankapukusira kakhalidwe ka a Lucky. Kwa a Zefaniya anati mpando umene wasenza munthu wotere pamiyendo iwiri, pamvula, osagwedera pena paliponse, iwo sanauonepo kwa wophunzira. Anati asaupukute, asautsuke, asauyandikize pamoto. Angouika pamalo ozizira uziuma wokha pang'onopang'ono, ndipo Lolemba abwere nawo mmene ulilimo ndi matope ake, chifukwa matope ndi utoto wa jinzi zili pamwamba chabe, puleni ingodutsapo kamodzi. Kwa mayi Morishita, amene mawu oti zili bwino amawatulutsa ngati akulipira msonkho, kumeneko kunali kulemba munthu ntchito.

A Zefaniya akanatha kuuza mkazi wawo. Koma pamaliro mwamuna ndi mkazi wake amakhala ngati anthu a mipingo yosiyana, wina panja pakati pa abambo, wina m'nyumba pakati pa miphika, ndipo namfedwa sadzuka pamphasa kukanong'oneza mkazi wake nkhani yabwino anthu akuona. Komanso nthawi yomweyo foni ya ku Nambuma inalira kuti mwambo wa kumanda wayamba.

Foniyo anaiimika pashelefu pabalaza. Azimayi tinapanikizana pansi, abambo anadzaza pakhomo ndi m'khonde, a Zefaniya tinawakhazika kutsogolo. Mphwawo kumudzi ndi amene ankajambula, netiweki ikudukaduka, moti tinkaona thambo, kenako mapazi a anthu, kenako bokosi litaima m'malere, kenako dothi lofiira likugwa. Azimayi tinalira mpaka mawu kusasa, ena kulira amayi a Zefaniya amene sitinawaonepo, ambiri kulira athu amene tinawaikanso pafoni chomwechi. A Zefaniya ankangoyang'ana. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akudikira basi.

Pamene a Lucky anaima pakhomo kuti atsogolere nyimbo, panja panalibe munthu. Vailet anatulukira khomo lakumbuyo, anazungulira nyumba, analowera lakumaso mpando uli kumutu, n'kukwera nawo m'mwamba anthu onse atapenya kufoni.

Muyenera kumudziwa Vailet. Ndi mwana wa mayi wa Mvano, wokula akukwecha mapoto mpaka kudzionera nkhope, munthu amene amakhulupirira kuti palibe tchimo limene madzi otentha ndi sopo sizingachotse. Anauika mpandowo m'bafa. Anauthira madzi otentha, anatenga sitiliwulu wokwechera mapoto, n'kuyamba ntchito. Anakwecha matope a m'miyendo, anakwecha zizindikiro za kapu ya tiyi, anakwecha buluu wa a Lucky mpaka mikono kuwawa, ndipo mpando unayeradi, n'kutsukuluzidwa kawiri. Ndani anatiuzapo ife kuti mtengo wa oki ukanyowa sugwirizana ndi chitsulo? Kwathu thabwa ndi thabwa.

Chinatsala n'chakuti uume lisanafike Lolemba. Anaulowetsa m'kachipinda kosungiramo masutikesi, anaugunditsa kuredieta n'kuitsegula mpaka pamapeto, anaikanso hita yamagetsi kutsogolo kwake, anatseka chitseko n'kutsekera thaulo kunsi kuti kutentha kusathawe. Vailet amene amazimitsa getsi munthu uli m'chimbudzi poopa bilu, tsiku limenelo sanaumire. Anatsika nkhope itapepuka, n'kudzatithandiza kugawa mpunga.

A Lucky atabwerera kutenti anafunafuna mpando wawo. Atauzidwa kuti wapita kokatsukidwa anakhala papulasitiki monyinyirika, n'kunena kuti masiku ano anthu sadziwa kusamala alendo. A Zefaniya anali atazingidwa ndi opepesa m'nyumba mpaka kunja kunada, ndipo ankaganiza kuti mpando ukadali m'tenti, pozizira, monga anauzidwira.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinasonkhananso kudzasesa, kuti nyumba ibwerere kwa eni ake. Mphasa zinapindidwa, tenti inagwetsedwa, sofa inalowa ikudontha ndi kununkha ngati galu wonyowa. A Zefaniya anadzuka, koyamba kuyenda ngati mwini nyumba, anatuluka panja, anayang'ana pakapinga pamene panatsala timabowo ta miyendo, n'kubwerera.

"Amayi a Becky, mpando uja uli kuti?"

Vailet anamwetulira. Ndinali ndisanamuone akumwetulira chiyambire Lachinayi.

"Musasitirese, bambo. Ndinausamala. Ndinautsuka bwinobwino, uli m'mwamba ukuuma."

"Munautsuka ndi chiyani?"

"Ndi sitiliwulu. Zonse zija zinachoka."

"Ukuuma pati?"

"Paredieta. Ndinaikanso hita kuti ufulumire."

A Zefaniya anakwera masitepe pang'onopang'ono atagwira msana, ife awiri tikuwatsatira. Atatsegula kachipinda kaja, mpweya unatiomba kumaso ngati wa mu uvuni ya buledi. Anazimitsa hita, ananyamula mpandowo ndi manja awiri, n'kutsika nawo kuti akauone poyera, pawindo la pabalaza, pamene anthu anali akuvala majekete ndi kutsanzikana.

Unali utauma, zimenezo Vailet sananame. Thupi lonse linali ndi timadontho takuda ngati munthu wodwala nthomba, paliponse pamene tinyenyeswa ta chitsulo tinatsalira m'thabwa. Kusalala kuja kunali kutapita, unkakanda m'manja. Ndipo pokhalira panali patang'ambika kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mng'alu woonekera kuwala kwa pawindo, umene puleni ya dziko lililonse singautseke. Anauika pansi, unagwedera. Anagwira mwendo wakumbuyo kuti aone, umodzi mwa iwiri ija inasenza tcheyamani osadandaula, ndipo mwendowo unatsalira m'manja mwawo.

Anauyang'ana mwendowo. Kenako anakhala pansi pakapeti, ndipo m'chifuwa mwawo munatuluka mawu amene sindinamvepo kwa mwamuna.

"Amayi anga ine. Amayi, mwandisiya ndi yani?"

Analira ngati mwana wotayika pamsika, mamina ndi misozi, akugwedezeka, mwendo wa mpando ataukumbatira pachifuwa. Anthu amene anali atafika kale pageti anabwerera. Majekete anavulidwanso. Azimayi anagwada mowazungulira, ndipo pankhope zawo panali mpumulo woonekeratu, wa anthu amene maliro awo atha bwino.

"Zatuluka tsopano," anatero mayi wina pambali panga. "Asiyeni alire. Chimene chija chikanawapha."

A Lucky anachotsa mpando wothyokawo pakati ndi phazi kuti anthu apeze pogwada, anatsokomola, n'kuyambitsa nyimbo. Ine sindinaimbe. Mtima unkandiwawa, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene bambo aja ankalira, kaya ndi amayi awo, kaya mpando, kaya makatoni amene ankawadikira. Ndikukayika ngati eni akewo ankadziwa.

Vailet anali ataima pamasitepe, manja ali lende. Anayang'ana mpando, anayang'ana amuna ake, ndipo ndinaona nkhani yonse ikumufika. Anatsika, anadzigwetsa pambali pawo, n'kuyamba kulira mokweza kuposa iwo, akudzimenya pachifuwa, moti zinatengera azimayi atatu kumugwira.

Lolemba mayi Morishita analemba Andy ntchito, poti oda siidikira kuti munthu apange mpando wina. A Zefaniya anabwerera kuweyahausi atamanga lamba wa msana mkati mwa yunifomu. Za mpandowo sanamunenepo mkazi wawo mawu amodzi, ndipo Vailet amati bola akanamutukwana.

Koma mbiri yake inakoma. Kuyambira Braunstone mpaka Hyson Green, amayi akamalangiza mtsikana amene akulowa m'banja, amamuuza kuti apongozi ake aziwakonda ngati Vailet, amene analira mpaka kukomoka chifukwa cha mayi amene sanamubereke.